Musanawombe m'manja: njira yosanthulira mawu okopa anthu

Kuno kum'mawa kwa Zambia timakonda munthu wodziwa kulankhula. Pamaliro timadikira kumva amene alankhule m'malo mwa banja, pabwalo la milandu timatchera khutu nduna ikayamba kuponya miyambi, ndipo anthu akamachokera ku Mtenguleni pa Nc'wala kapena ku Mkaika pa Kulamba amakambirana m'njira zimene akuluakulu alankhula, osati magule okha. Luso limeneli ine ndimalilemekeza. Chondiwawa n'chakuti luso lomweli lilinso m'kamwa mwa wogulitsa mbewu yachinyengo, wa kaloba, ndi uja wotumiza mauthenga abodza pafoni. Kukoma kwa mawu ndi nkhani ina, kuona kwake ndi nkhani inanso, ndipo malangizo awa ndi okuthandizani kulekanitsa ziwirizi, kaya ndinu wophunzira wa Giredi 12, mlembi wa kopaletivu, kapena mayi wosunga ndalama za chilimba.

Kuti tisamalankhule zam'malere, ndalemba ndekha chitsanzo ichi potengera zimene timamva m'misika ndi m'mabasi mvula ikayandikira. Tigwiritsa ntchito chomwechi mpaka kumapeto.

"Makolo anga, amayi anga, ine ndine mwana wanu. Ndinabadwira konkuno, ndinakulira madzi a mu Lutembwe, khasu ndimalidziwa. Kodi tidzalima mpaka liti nkhokwe zili gwaa? Mpaka liti ana athu azipita kusukulu chapansi? Mpaka liti? Mbewu iyi akatswiri anaiyesa, ndipo alimi onse a ku Katete anasiya kale mbewu zakale. Imabereka kawiri. Akulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Atsala ndi matumba 20 okha, mawa mtengo ukwera. Mugule lero, apo ayi chaka chamawa ndi njala."

Choyamba: agwireni mawuwo

Mawu olankhulidwa amathamanga, ndipo wolankhula wochenjera amadalira liwiro lomwelo. Ngati ndi uthenga wa mawu pa WhatsApp, umvereni kawiri. Ulendo woyamba ingomverani ngati mmene amamvera wina aliyense, kenako mulembe mmene mwamvera mumtima: mantha, mkwiyo, chiyembekezo, manyazi. Ulendo wachiwiri lembani mawu ake enieni papepala, osawakonza. Ngati ndi pamsonkhano, lembani ziganizo zimene anthu anawombera m'manja kapena kuululira nthungululu, chifukwa msampha ndi luso lomwe zimakhala pamenepo. Pamaliro ndi pabwalo la mfumu musatulutse foni kuti mujambule popanda chilolezo. Sungani m'mutu, mukalembe kunyumba.

Chachiwiri: akufuna kuti muchite chiyani?

Yankhani ndi chiganizo chimodzi chokha, ndipo chikhale ndi ntchito yooneka: ndigule, ndivote, ndisaine, nditumize ndalama, ndikhale chete, ndimude uje. Pa chitsanzo chathu yankho ndi lakuti akufuna nditulutse ndalama lero, ndisanafunse aliyense. Onjezani mafunso atatu achidule: akulankhula ndani, akulankhula kwa yani, nanga n'chifukwa chiyani wasankha nthawi ino. Wogulitsa mbewu sabwera mu Meyi anthu ali kalikiliki kukolola. Amabwera mu Okutobala ndi Novembala, mitima ili m'mwamba. Amadziwanso kuti chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale 2024, anthu sanachiiwale. Mawu akuti "njala" sakuwatchula mwangozi.

Chachitatu: petani

Chitani ngati mayi wopeta mphale palichero, gaga auluke, patsale chophika. Tengani cholembera mudule mzere kunsi kwa mfundo iliyonse imene ingathe kutsimikizidwa kapena kutsutsidwa ndi munthu wina wapadera. Zina zonse zisiyeni kaye pambali, tizibwerera.

M'mawu onse aja patsala mfundo zisanu: akatswiri anaiyesa, alimi a ku Katete anasiya mbewu zakale, imabereka kawiri, matumba atsala 20, mawa mtengo ukwera. Taonani kuchepa kwake. Taonaninso zimene sanatchule: dzina la mtundu wa mbewuyo, kampani imene inaipanga, masiku amene imatenga kuti ikhwime, ngakhale mtengo weniweniwo. Nthawi zambiri zimene munthu wasiya kunena zimakuuzani zambiri kuposa zimene wanena.

Chachinayi: walowera khomo liti?

Aristotle, Mgiriki amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anaona kuti wolankhula amakopa anthu m'njira zitatu: powachititsa kuti amukhulupirire iye mwini, pokhudza mitima yawo, ndi popereka zifukwa zomveka. Ophunzira amazipeza m'mabuku ndi mayina akuti ethos, pathos ndi logos. Lembani zilembo zitatu m'mphepete mwa pepala lanu, M ya munthu, T ya mtima, Z ya zifukwa, ndipo chiganizo chilichonse muchipatse chilembo chake.

"Ndine mwana wanu, khasu ndimalidziwa" ndi M. Akugula chikhulupiriro ndi ubale. Funso loyenera ndi lakuti, kubadwira m'mbali mwa Lutembwe kumam'patsa munthu nzeru zodziwira mbewu? Kungamuchititse kumvetsa mavuto athu, inde, koma sikusintha chimene chili m'thumbamo. Pa khomo lomweli pamalowanso zovala, galimoto, mayina aulemu, ndime za m'Baibulo, ndi kugwada powomba m'manja pamaso pa akulu. Ulemu ndi mwambo wathu ndipo tiulandire ndi manja awiri, koma tisauwerenge ngati umboni.

"Ana athu kupita kusukulu chapansi" ndi T. Pano ndikufuna ndimveke bwino, chifukwa ena akangophunzira zimenezi amayamba kunyoza aliyense wolankhula mokhudza mtima. Kumeneko n'kulakwa. Namwino wouza mayi kuti mwana akapanda kugona m'neti angadwale malungo akuopseza, koma choopsacho n'chenicheni ndipo neti imathandizadi. Choncho musafunse kuti "kodi wandikhudza mtima?" Funsani kuti "kodi chimene akundiopsa nachochi chikugwirizana ndi chimene akundigulitsa?" Njala ndi yoona. Kuti mbewu yakeyo ndi imene ingaithetse, sanaonetse.

Mukawerenga zilembo zanu mupeza kuti Z ndi wochepa, ndipo amene alipoyo ndi wopanda miyendo. "Akatswiri" alibe dzina. "Alimi onse a ku Katete" ndi chiwerengero chimene palibe anachiwerenga. Cholinga chake n'chakuti muchite manyazi kutsalira nokha.

Chachisanu: tchulani zida zimene wagwiritsa ntchito

Apa m'pamene pali ntchito yokoma, ndipo musafulumire.

Kubwereza. "Mpaka liti" wanenedwa katatu, ndipo kachitatuko watsala yekha popanda china chomutsatira, kuti inuyo mudzaze nokha ndi mavuto anu. Kubwereza kumathandiza kuti mawu asaiwalike, komanso kumachititsa kuti chinthu chimveke ngati choona chifukwa choti khutu lachizolowera. Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, pa 28 Ogasiti 1963 ku Washington anabwereza kambirimbiri mawu onena za loto lake, ndipo anali kunena zachilungamo. Wonama nayenso amabwereza. Chida n'chimodzi, ndiye muyang'ane chimene chikubwerezedwacho.

Funso losafuna yankho. Wofunsa kuti "tidzalima mpaka liti nkhokwe zili gwaa?" sakudikira kuti mutchule chaka. Akufuna muvomereze mumtima, ndipo mukavomera kamodzi n'kosavuta kuvomeranso kawiri. Njira yolisanthulira ndi kulisandutsa chiganizo wamba: "Mumalima koma simukolola zokwanira." Likatero limatha mphamvu, ndipo mutha kufunsa ngati n'zoona kwa inu, komanso ngati chifukwa chake ndi mbewu, feteleza, mvula kapena kuchedwa kubzala.

Kuitana ndi kuvomera. Dr Kenneth Kaunda, pulezidenti woyamba wa Zambia, ankati akafuula "One Zambia", khamu n'kuyankha "One Nation", iwo atanyamula kansalu kawo koyera m'manja. M'dziko la mitundu yoposa 70, limene linangolandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mawu amenewa anagwira ntchito yaikulu yomanga anthu. Mphamvu yake yagona pakuti womvera amamaliza yekha chiganizo, ndipo chimene watulutsa ndi pakamwa pake amachitenga ngati chake. M'tchalitchi ndi pamisonkhano ya ndale zimachitika mofanana. Mukazindikira kuti mwayankha musanaganize, bwererani mudzifunse kuti mwavomereza chiyani kwenikweni.

"Ife" ndi "iwo". Zungulizani mawu onse akuti ife, athu, kwathu, iwo, aja. Kenako funsani: wolankhulayu alidi m'gulu la "ife"? Wogulitsa uja akuti "tidzalima mpaka liti", koma iye chaka chino akudalira malonda, osati munda. Nanga "iwo" ndani? Mawu amenewa akayamba kuloza mtundu wa anthu, chipembedzo, kapena anzathu odutsa pa malire a Mwami kudzagulitsa malonda, imani pomwepo. Wolankhula amene wasowa zifukwa kawirikawiri amakupatsani munthu woti mudane naye.

Kubisa wochita. Ichi n'chobisika kwambiri ndipo chimapezeka m'malipoti a makomiti ndi m'makalata a m'maofesi. Mverani: "Ndalama za kopaletivu zinasowa." "Feteleza anachedwa." "Panachitika zolakwika." Ndalama sizisowa zokha. Munthu yemweyo pa zinthu zabwino anena kuti "ndinakumangirani mlatho", "ndinakubweretserani mjigo". Zabwino zili ndi mwini wake, zoipa n'zamasiye. Pa chiganizo chilichonse chotere lembani pambali funso lakuti "ndani?"

Miyambi. Pa zida zonse, ichi ndi chimene chili ndi mphamvu kwambiri pakati pathu, chifukwa kutsutsa mwambi kumaoneka ngati kutsutsa makolo. Munthu akangoti "akulu anati", achinyamata amaweramitsa mitu ndipo nkhani imatha. Koma mwambi sugamula mlandu pawokha. Woweruza wanzeru pabwalo amayamba wamva mbali zonse, ndipo mwambi umabwera pambuyo kudzamanga zimene zapezeka. Wochenjera amatembenuza ndondomekoyi: amaponya mwambi pamalo pamene pakanayenera kukhala umboni.

Mwambi uyeseni motere. Uchotseni, muwerengenso mawuwo popanda iwo, muone ngati mfundo ikuimabe. Kenako ikani anthu m'malo mwawo. "Ndionetsetse anathetsa nkhosa" amanena za munthu wozengereza ngozi ili kale m'khola. Pa nkhani yathuyi nkhosa ndi chiyani? Ngati ndi ndalama zanu, ndiye wozithetsa angakhale wogulitsa yemweyo. Pomaliza funani mwambi wotsutsana nawo, chifukwa makolo anatisiyira mbali zonse ziwiri. Omwewo ndi amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha, anatinso safunsa anadya phula. Miyambi iwiri ikakokana, mubwerere ku mfundo zisanu zija zimene munadula mzere.

Njira ziwiri zokha, ndi changu. "Mugule lero, apo ayi njala" akukutsekerani pakati pa zinthu ziwiri ngati palibe chachitatu. Chilipo: kugula kwa wogulitsa wodziwika m'tauni, kufunsa kaye alangizi, kapena kugula kathumba kakang'ono n'kuyesa pa mizere ingapo. Changu cha "mawa mtengo ukwera" n'chimodzimodzi ndi cha uthenga wa pafoni woti mutumize ndalama pa nambala ina msangamsanga. Chilichonse chokuletsani kugona nayo nkhani kapena kufunsa mnzanu muchilembe ndi zilembo zazikulu.

Chachisanu ndi chimodzi: musaope manambala

Nambala imamveka ngati choonadi ngakhale pamene ilibe mutu. "Imabereka kawiri." Kawiri kuposa chiyani? Kuposa mbewu yamakolo yopanda feteleza, kapena kuposa haibulidi ina yothiridwa D Compound ndi yureya? Pa hekitala kapena pa lima? Chaka cha mvula yabwino kapena cha chilala? Mbewu za chimanga zochedwa kukhwima zimatha kubereka kwambiri kuposa zocha msanga, koma zimafuna mvula yaitali, ndiye nambala yomweyo ingakhale yoona kwina n'kukhala yosocheretsa kwanu.

Wa kaloba amakonda kutchula ndalama, osati peresenti. Akati tengani K500 mudzabweze K750 pakutha kwa mwezi, amati "kapamwamba ndi K250 chabe". Tengani cholembera: 250 pa 500 ndi theka, kutanthauza 50 peresenti pamwezi umodzi. Mawu akuti "chabe", "basi" ndi "kokha" akaima pafupi ndi nambala, werengerani nokha.

Samalaninso ndi oyerekezera mitengo ya kale ndi ya lero. Pa 1 Januwale 2013 ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, K1,000 yakale n'kukhala K1. Wotchula mtengo wa chaka cha 2010 osanena kuti ndi ndalama iti angakusocheretseni mwadala kapena mosadziwa. Chimodzimodzi wina akanena kuti ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu bajeti ya 2022, akunena zoona, koma imeneyo ndi nambala ya ndalama zolonjezedwa mu bajeti. Zimene zinafika ndi zimene zinagwira ntchito m'wadi mwanu ndi mafunso ena awiri, ndipo wokonda boma ndi wotsutsa boma aliyense amasankha nambala imene ikumukomera.

Mawu a kampeni nawo muwagawe pawiri: oyezeka ndi osayezeka. Mu 1991 a chipani cha MMD motsogozedwa ndi Frederick Chiluba ankati "The Hour Has Come", kusonyeza kuti nthawi yakwana pambuyo pa zaka 27 za ulamuliro wa chipani cha UNIP. Mawuwo anali amphamvu, koma sanalonjeze chinthu choti n'kuchiyeza. Mu 2011 a PF motsogozedwa ndi Michael Sata analonjeza ntchito zambiri, misonkho yotsika ndi ndalama zambiri m'matumba, natchulanso masiku 90. Mu 2021 a UPND analonjeza maphunziro aulere komanso kutsitsa mitengo ya ufa ndi feteleza. Malonjezo oterewa ali ndi ubwino umodzi kwa womvera: angathe kulembedwa m'kope n'kudzawayerekeza ndi zochitika. Maphunziro aulere anayamba mu Januwale 2022. Za mitengo, aliyense wogula thumba la ufa la makilogalamu 25 angayerekezere yekha. Chitani zimenezi ndi chipani chilichonse mofanana, kuyambira chimene mumachikonda.

Chachisanu ndi chiwiri: pitani mukafunse

Kusanthula kwa papepala kumangokuonetsani pamene pali mafunso. Mayankho ali kwa anthu. Za mbewu, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo kumbukirani kuti malo ofufuzira zaulimi a Msekera ali pafupi pomwepa, kufupi ndi tauni ya Chipata. Mbewu yovomerezeka imadutsa m'manja mwa bungwe loyesa ndi kuvomereza mbewu la SCCI, ndipo thumba lake limakhala ndi chizindikiro chosonyeza mtundu wa mbewuyo ndi nambala ya gulu lake. Mankhwala ovomerezeka ochiza matenda amalembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la ZAMRA. Mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama amalandira chilolezo ku Bank of Zambia. Za kukwera kwa mitengo, bungwe la ZamStats limatulutsa manambala mwezi ndi mwezi. Mauthenga achinyengo a pafoni mukawanene ku kampani ya foni yanu kapena ku bungwe loona za mafoni la ZICTA.

Mungathenso kum'funsa wolankhulayo, ndipo sipafunika mwano. Tinene kuti ndi bambo wamkulu amene walankhula pamsonkhano wa kopaletivu. Dikirani mpata, muwombe m'manja, munene kuti: "Zikomo atate, mwatithandiza. Pepani, mwina ine sindinamvetse bwino. Akatswiri mwatchulawo ndi a kuti, kuti nafenso tikawafunse?" Kenako khalani chete muone chimene chichitike. Woona mtima amatchula dzina, kapena amavomera kuti afufuza. Wobisa kanthu amakweza mawu, amabwerezanso kuti ndi mwana wanu, amaponya mwambi wina, kapena amatembenukira kwa inu n'kufunsa kuti "kodi mwana ameneyu ndi wa yani?" Kusiya funso n'kuyamba kulimbana ndi wofunsa ndi chida nachonso, ndipo muchilembe pamodzi ndi zinzake zija.

Chachisanu ndi chitatu: lembani zimene mwapeza

Kwa ophunzira, apa m'pamene ambiri amataya malikisi. Amangolemba kuti "wolemba wagwiritsa ntchito kubwereza" n'kudumphira kwina. Kutchula chida n'chiyambi chabe. Ndime yabwino imakhala ndi zinthu zinayi: dzina la chida, mawu enieni amene mwatola, zimene mawuwo akuchita kwa womvera ameneyu pa nthawi imeneyi, ndi chigamulo chanu ngati chidacho chikuthandiza mfundo kapena chikubisa kusowa kwa mfundo. Mwachitsanzo:

Wolankhula wabwereza funso lakuti "mpaka liti" katatu. Kwa alimi amene akudikira mvula akukumbukirabe chilala, kubwerezaku kukudzutsa kutopa ndi mantha, ndipo kukuwachititsa kuvomereza asanamve n'komwe za malonda. Koma mafunso atatuwa akungonena za vuto, sakunena kanthu za mbewuyo. Choncho chidachi chagwira ntchito yokonza mitima, osati yopereka umboni.

Zolowerani kulemba ndime imodzi yotere pa sabata. Zosanthula sizisowa: mapulogalamu oimbira foni pa Breeze FM kapena Radio Maria, zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa Great East, kuitanira malonda kwa pamsika wa Kapata, ndemanga za akonzi m'nyuzipepala. Sabata ina tengani mawu a munthu amene simugwirizana naye, sabata yotsatira a munthu amene mumam'khulupirira, ndipo onse awiri muwadutsitse m'masitepe omwewa popanda kudumpha la manambala. Ngati muli m'gulu, wina awerenge mokweza monga analankhulira mwini wake, wina awerengenso mawu omwewo mosakweza kapena kutsitsa liwu, ndipo otsalawo alembe mfundo zimene zikadali chiimire pa kuwerenga kwachiwiriko.